Sanza Zobwereka

Kalata imene inawasowetsa mtendere Mayi Angelina inafika m'mwezi wa Ogasiti chaka cha 1994, itapindidwa kanayi m'thumba la jekete ya bambo Ezron Mtonga. A Mtonga ndiwo anali wapampando wa komiti ya Nyumba ya Ana, m'dera la mfumu Kapichila. Anali munthu wamtali, wowonda, ndipo nkhani iliyonse ankayiyamba ndi kutsokomola ngati akulengeza maliro. Tsiku limenelo anatsokomola katatu. Mayi Angelina, amene dera lonse linkawatcha nyaZimba potengera mfunda wa bambo awo, anaika pansi lichero la mtedza atadziwiratu kuti madzi achita katondo.

Nyumba ya Anayo inali midadada iwiri ya njerwa yofolera ndi malata akale. Inamangidwa chitangotha chilala cha 1992, pamene matenda aja opanda mankhwala anayamba kulikha makolo m'midzi mpaka agogo kusowa pogoneka adzukulu. Munali ana makumi atatu. Ufa, sopo, mayunifolomu ndi makope zinkachokera ku mpingo wina wa ku Ulaya kudzera ku ofesi yawo ya ku Lusaka, ndipo anthu akutaliwo sankapempha zambiri. Ankangofuna kuti chaka ndi chaka aliyense alandire chithunzi cha mwana amene akumuthandiza. Tsono vuto linabadwira pa zithunzipo.

NyaZimba ndiwo ankalera anawo. Anali mayi wojintcha, wa mawu omveka mpaka kudambo, ndipo anali ndi lamulo limodzi losagwedezeka, loti mwana wa m'nyumba mwawo sajambulidwa wopanda nsapato. Chifukwa chake sankauza munthu. M'Baibulo mwawo, pakati pa Masalimo, munali kapepala kong'ambidwa m'buku, kokhala ndi chithunzi cha kamtsikana ka mimba yotupa, kovala chiguduli. Kamtsikanako kanali iwowo. Mzungu wina anawajambula chaka china cha njala makolo awo atangomwalira, ndipo patapita zaka anakachipeza chithunzicho m'buku la kumishoni, anyamata a m'kalasi mwawo akupatsirana uku akuseka. Kuyambira tsiku limenelo sanalolenso kuima kutsogolo kwa kamera.

N'chifukwa chake chaka chimenecho anaitanitsa Haswell Lungu, wojambula wa pafupi ndi Msika wa Lundazi, amene ankayenda panjinga ndi chikwama chodziwika boma lonse. M'chikwamamo munali nsapato zakuda zachikopa za munthu wamkulu, juzi yofiira, wailesi yopanda mabatire, ndi wotchi imene inafa kalekale mivi yake italoza 2 koloko. Aliyense wojambulitsa kwa Haswell ankabwereka zimenezi, ngakhale aphunzitsi amene, poti munthu sangapite pachithunzi monga mmene amapitira kumunda. Ana onse anatchena mmodzimmodzi, wina akavula mnzake n'kuvala, dzanja la wotchi lili patsaya kuti ioneke bwino. Haswell anatsuka zithunzi ziwiriziwiri. China chinapita ku Ulaya, china nyaZimba anasungira mwini wake m'chitini cha mabisiketi.

"Mvelani, amama," anatero a Mtonga akutambasula kalata ija. "Akuti alandila zithunzi, ndipo atamanda Mulungu chomene. Akuti sanadziwe kuti ana athu afika povala nsapato zachikopa ndi mawotchi, komanso kukhala ndi wailesi aliyense yakeyake. Manje aganiza zosamutsila thandizo kumene kuli ovutika enieni. Mayi Justina Phiri a ku ofesi ya ku Lusaka abwela pa twente kudzaona, ndipo adzatenga zithunzi zatsopano."

"Wotchi ija ndi yakufa!" anakuwa nyaZimba. "Siyenda ija!"

"Amama, pachithunzi wotchi iliyonse siyenda," anayankha a Mtonga mwachisoni. "Mwana wamasiye avale wotchi, pamene ine wapampando ndiyang'ana dzuwa? Mwatiphetsa."

NyaZimba anafuna kuwabwezera mawu, koma maso awo anagwera pa Tamanda, amene ankayanika mayunifolomu pachingwe uku akuloweza mayina a mitsinje ya m'Zambia. Tamanda anali wamkulu mwa ana onse, wa zaka khumi ndi zitatu, ndipo mu Novembala ankayembekezera kulemba mayeso a Giredi 7. Aphunzitsi ankati mutu wake ukhoza kumufikitsa kusekondale osapunthwa. Koma malume ake, a Amon, anali atabwera kale kawiri kuchokera ku minda ya fodya ya ku Kasungu. Ankati mtsikana wa msinkhu wotere ayenera kukasoka fodya, ndipo kumeneko kuli bambo wina wofedwa mkazi amene wakhala akufunsafunsa. Nyumba ikanatsekedwa, ana akanabwerera kwa achibale, ndipo Tamanda akanapita ndi a Amon. NyaZimba anafunsa motsitsa kuti tsono achite chiyani.

A Mtonga anali atabwera nayo kale nzeru. Mlendoyo adzapeze ana ovala sanza, miyendo ili mbuu, nkhope zili ndwii. Mafuta odzola abisidwe, zipeso zibisidwe. Tisawanamizire a Mtonga, anawo ankawakonda. Mwana akadwala ndiwo ankamukweza panjinga mpaka kuchipatala cha kuboma, mvula kaya dzuwa. Kungoti iwo ankakhulupirira kuti mzungu amatsegula thumba akaona misozi, ndipo ngati misozi palibe, iyenera kufunidwa.

Anayamba kufufuza sanza m'nyumba momwemo, koma sanapeze n'kamodzi komwe. Zovala zinali zakale ndithu, zina zosuluka mpaka mtundu wake kuiwalika, koma singano ya nyaZimba inali itadutsa paliponse. A Mtonga ananyamula kabudula wina wa zigamba zisanu ndi ziwiri, namupenda kudzuwa kufuna kachiboo, kenaka anamuika pansi mokhumudwa ngati munthu wopeza msampha wake uli wopanda kanthu.

Lamulungu lake anaima m'tchalitchi pa nthawi ya zolengeza, natsokomola, napempha amayi onse kuti abwereketse ana a ku Nyumba zovala zong'ambika, za tsiku limodzi lokha, poti kukubwera mlendo wofuna zithunzi. Amayi anavomera ndi mtima wonse, poti mwana wa mnzako ndi wako yemwe.

Lachinayi anafika mumzere, mitolo ili pamutu. A Mtonga anamasula mtolo woyamba nangoti kakasi. Zovalazo zinali zochapa, zosoka, zosita ndi simbi yamakala mpaka mizere kuima njo. Mtolo wachiwiri unali chimodzimodzi, kupatula kuti uwu unali ndi mabatani atsopano. Mayi Esinati, amene amuna awo ankagulitsa salaula, zovala zakale zochokera kunja, kuboma, anabweretsa diresi lamaluwa limene mwana wawo anavala tsiku la ubatizo.

"Ndinati zong'ambika!" analira a Mtonga. "Sanza, amama, sanza!"

"Zinali zong'ambika, adada," anayankha Mayi Esinati modabwa. "Taswela nazo masiku atatu. Munthu ungabweleketse bwanji mnzako chinthu chong'ambika, komanso cha pachithunzi? Azungu aziti amayi a kwa Kapichila alibe manja? Yayi!"

Anzawo onse anavomereza kuti yayi, ndipo anachoka akunyadira ntchito yawo. NyaZimba anathawira kukhitchini kukasekera komweko, ngakhale kuti mtima sunali m'malo.

Zovala zitakanika, a Mtonga anatembenukira ku nkhope. Anandandalitsa ana pansi pa mtengo wa mango nawauza kuti aganize za njala. Kuti awathandize anaonetsa chitsanzo. Anagwetsa mlomo wam'munsi, kupendeketsa khosi, maso n'kuwatembenuzira kumwamba ngati mbuzi imene yamva kunola kwa mpeni. Tiyamike, kamtsikana kakang'ono mwa onse, kanayamba kugwedezeka mapewa, ndipo posakhalitsa mzere wonse unafa ndi phwete, ena mpaka kugubuduka m'fumbi. Kunena zoona, ana amenewa chisoni ankachidziwa kuposa a Mtonga. Aliyense anali ataika mayi ndi bambo, ena onse awiri m'mwezi umodzi. Koma chisoni chochita kuyeserera anali asanachionepo, ndipo chinawakomera kuposa sewero la pa Khirisimasi. Za miyendo nazonso zinavuta, chifukwa a Mtonga akangotembenuka, Tiyamike ankalavulira malovu pachikhatho n'kupukuta mbuu yense monga anaphunzitsidwira.

Kutatsala tsiku limodzi, a Mtonga anabwera ndi chiguduli cha chimanga, ataboola potulukira mutu ndi manja.

"Chithunzi chimodzi chabe chikwanila," anatero. "Avale Tamanda. Ndiye wamtali, woonda, ndipo ndi yekhayo angadzigwile osaseka. Mukakana, amama, mukamupelekeze nokha kwa sibweni wake, a Amon aja."

NyaZimba anachiyang'ana chigudulicho mtima ukuwawa. Anaganiza za chigafa cha fodya, ndi za bambo wofedwa uja. Sananene kuti eya, komanso sanakane, ndipo a Mtonga anakutenga kukhala chete kumeneko ngati chilolezo. Madzulo ake, akumumasula Tamanda tsitsi limene iwo omwe anamuluka, anamufotokozera nkhani yonse akuyang'ana pankhongo pake, poti nkhope sakanatha kuiyang'ana.

"Ndivala, amama," anatero Tamanda. "Malinga ndilembe mayeso."

Galimoto inafika m'mawa dzuwa litakwera pang'ono, ili fumbi lokhalokha. Mayi Justina anali wachitsikana, wovala magalasi, wa Chinyanja cha m'tauni, koma anapinda bondo n'kunena kuti, "Monire, amama," ndipo nyaZimba anayamba kuwakonda asanafune. Anawaonetsa zipinda, mphasa zogonapo atatuatatu, malata odontha, ndi nkhokwe imene chimanga chinali chitafika kale pansi. Mlendoyo ankangolemba m'kabuku. Ana anali atavala zobwereka zija, zosita bwinobwino, ndipo a Mtonga ankayesetsa kuima kutsogolo kwa diresi lamaluwa kuti lisaoneke.

Haswell anali atafika kale ndi njinga yake. Atamva za chiguduli anakwiya ngati watukwanidwa.

"Ine zaka fifitini nijambula anthu, sininajambulepo munthu muli saka," anatero. "Sinapu ni ya muyaya, bwana. Munthu amafa, sinapu imasala."

Komabe anakonza kamera yake, poti ntchito ndi ntchito.

Tamanda anatulukira kuseri kwa nyumba atavala chiguduli chija, mapazi ali mbuu monga mwa lamulo. Anzake anayamba kuseka, kenaka anasiya okha. Mtsikanayo anayenda mpaka pa mtengo wa mango, naima, manja akukokera chigudulicho pansi kuti chibise mawondo. Sanavutike kuyeserera nkhope ya a Mtonga ija, inabwera yokha.

"Amama," anatero motsitsa akuyang'ana nyaZimba, "chithunzi ichi chikapita sichibwelanso kuno, eti? Anzanga a kusukulu sadzachiona?"

Haswell anali atatsinzina kale diso limodzi. NyaZimba anamva ngati wina watsegula Baibulo lawo pa Masalimo paja pamaso pa anthu onse. Anadumpha, ndi thupi lawo lonselo, naima pakati pa kamera ndi mwana. Anamasula chitenje chawo chapamwamba namufunditsa Tamanda kuyambira m'mapewa.

"Chimabwela, mwanawe," anatero. "Chimabwela ndithu. Pita ukavale."

"Amama, mwatiphetsanso kachiwili!" ananong'ona a Mtonga, kunong'ona komveka mpaka kumsewu.

Koma nyaZimba anali atavala zilimbe. Analanda chikwama cha Haswell nachikhuthulira pamphasa pamaso pa mlendo. Panagwa nsapato, juzi, wailesi ndi wotchi.

"Chuma cha ana anga ndi ichi, mayi, ndipo si chawo, ndi cha bambo uyu. Ndine ndinawaveka. Chiguduli chija nachonso ndi bodza, ngakhale zovala avalazi ndi zobweleka. Tinapempha sanza, anthu atibweletsela zosita. Ana awa ndi osauka, nkhokwe mwaiona nokha. Koma ndi ana a anthu. Ngati kuti adye pafunika wina avale saka, ndipatseni ine ndivale, ndinazolowela kale."

Ngakhale pa nthawi yovuta chonchi, nyaZimba anaona a Mtonga akuwayeza ndi maso kuyambira m'mapewa mpaka m'chiuno, akukayika ngati chigudulicho chingalowe. Anawasiya choncho, nakatenga chitini cha mabisiketi, n'kuyala zithunzi zonse pamphasa. Ku Ulaya aliyense anali ataona chithunzi cha mwana wake yekha, ndipo panalibe amene anaziika pamodzi. Tsopano zinali pamodzi. Ana makumi atatu, juzi imodzi, kwa ena yothina, kwa ena yofika m'mawondo. Paliponse nthawi inali 2 koloko. Tiyamike anali ataima m'nsapato zija ngati waponda m'mabeseni awiri. Mayi Justina anavula magalasi, anayesa kudzigwira, kenaka anaseka mpaka misozi.

"Ine kunyumba nili na sinapu ya pa umwana, nagwila foni ilibe waya," anatero akupukuta m'maso. "Koma ba mayi, sinizakunamizani. Ine nilemba chabe, osankha ni aja. Afuna kuona na maso kuti pali vuto. Manje nizawapelekela chani?"

"Jambulani nsapato," anayankha nyaZimba. "Nsapato zilibe manyazi."

Ana anasamba, anadzola mafuta obisidwa aja, navala zovala zawozawo za zigamba. Anaima mizere itatu opanda nsapato, ndipo kutsogolo kwawo Haswell anaika nsapato ziwiri zija, wotchi pamwamba pake. Sipanafunike kuwauza kuti amwetulire, poti a Mtonga anali ataima kumbuyo kwa kamera ndi nkhope yawo yachisoni ija, tsopano yeniyeni.

Seputembala anatha, Okutobala n'kulowa ndi kutentha kwake, kalata osabwera. A Mtonga ankapereka moni akuyang'ana kumbali. A Amon anabwera kachitatu, nakhala pansi pa mango tsiku lonse atakumbatira chipewa.

"Ine sindikakamiza, amama," anatero mwaulemu. "Ndamva chabe kuti nyumba itsekedwa. Fodya ali panazale, manja afunika."

Masiku amenewo nyaZimba sankadya bwino. Ankadzifunsa ngati sanataye sukulu ya mwana pofuna kuchiza bala lawo lakale, ndipo ankachita mantha kwambiri, mantha osauza munthu. Tamanda sanafunsepo kanthu. Ankangowerenga, ndipo kuwerenga kwakeko n'kumene kunkawapweteka kopambana.

Kutatsala sabata imodzi kuti mayeso ayambe, galimoto ija inafikanso ndi makatoni atatu ndi kalata. A Mtonga anaiwerenga osatsokomola n'kamodzi komwe. Thandizo lipitirira. Chithunzi chija, inatero kalatayo, anachikhoma pakhomo la tchalitchi chawo, ndipo analamula kuti ku Lusaka agulire ana onse nsapato zofanana ndendende ndi za pachithunzi. Wogulayo anali munthu womvera malamulo. NyaZimba atatsegula makatoni anapezamo mapeya makumi atatu a nsapato zakuda zachikopa, zonse za munthu wamkulu.

Tsiku la mayeso Tamanda ananyamuka atatsendera nyuzipepala kutsogolo kwa nsapato zake, akumveka khwapu khwapu mpaka kudambo. A Amon anali atabwerera okha ku Kasungu. NyaZimba anaima pakhomo kumvetsera mpaka phokosolo linazilala, ndipo analira osabisa.

Loweruka lake Haswell anabwera kudzajambula ana ndi nsapato zawozawo. Atatha, akumangirira chikwama panjinga, nyaZimba anamuitana. Anali atavala chitenje cha kutchalitchi ndi duku latsopano, atakhala pampando pansi pa mango, Baibulo lili pamiyendo.

"Ndibweleke wotchi ija," anatero.

"Ni yakufa, amama, mudziwa."

"Pachithunzi wotchi iliyonse siyenda. Bweletsa."

Haswell anawamangirira wotchi ija pa chiboo chomaliza, nabwerera kumbuyo, natsinzina diso.

"Iyi sinapu ipita ku Ulaya?"

"Yayi," anayankha nyaZimba. "Ndi ya kamtsikana kena. Kadikila zaka makumi anayi."

Anaika dzanja patsaya kuti wotchi ioneke bwino, ndipo anamwetulira. Chithunzicho chitatsukidwa sanachionetse munthu. Anatsegula Baibulo pa Masalimo nachiika pamwamba pa kapepala kaja.